Ng'oma za Malume ndi Belu la Mayi

Ndinakulira kunsi kwa phiri la Chongoni, cha ku Linthipe, m'nyumba ya anthu opemphera. Mayi sankaphonya mapemphero ngakhale chisanu cha mu June chitauma bwanji. Malume, mlongo wawo wa bere limodzi, anali mkulu wa kudambwe. Ife a Sande sukulu tinkawatcha akunja, iwo nkumatitcha osameta.

Udaniwu tinaupeza. Chifikireni ansembe ku Mua mu 1902, amishoni ndi eni gule ankalimbirana ana: uyu akuti kusukulu, uyo akuti kudambwe. Gule naye ankabwezera pabwalo. Ankatulutsa Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, dzina lomwe ife tinkawerenga m'Baibulo.

Tsiku lina kumaliro, chilombo chikupalasa fumbi, ine kamnyamata kodzimva nzeru ndinayankhula mokweza kuti, "Ameneyu ndi munthu, mapaziwo ndawadziwa." Amayi oimba anangoti zii. Ndinkayembekeza mkwapulo, mwinanso mlandu wa nkhuku. Malume anadikira mpaka madzulo, nandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mphwanga, mkate uja mumadya kutchalitchi, ine ndimamudziwa amene amaphika. Unandimvapo ndikukuwa pakhomo panu?"

Sanandiuze kuti ndikhulupirire zoti zilombo ndi mizimu yochokera kumanda, ndipo mpaka lero, imvi zili mbuu, sindikhulupirira. Chomwe anandikumbutsa nchakuti pabwalo paja panali namfedwa, ndipo gule uja ndiye anali kumuperekezera bambo ake.

Komatu ndisakometse zakale. Kunali zilombo zothamangitsa anthu m'misewu, ana mpaka kujomba kusukulu, ndipo anzanga ena analowa gule chifukwa chofuna kugula njira basi. Kugwada kwathu tikakumana nazo kunali mantha, ulemu panalibe. Zimenezo ndinkawauza malume maso ndi maso nditakula, iwo nkumangokanda chibwano. Ifenso a mpingo tinali ndi mkwapulo wathu: munthu ankadulidwa chifukwa choonerera gule pamaliro a mbale wake.

Masiku ano alendo amabwera ndi makamera. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo mu 2006 inateronso ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni, momwe tinkausa mvula poweta mbuzi. Ku Mua komwe kuja, Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa zigoba za gule nkuzisunga pamishoni. Malume akanamva zimenezi akanaseka mpaka kutsokomola.

Mayi atamwalira, anzawo a malume ankafuna gule atuluke, poti anali mwana wa pamudzi. Malume anakana, nati mlongo wawo anali wa belu. Pamwambo wonse anakhala kumbuyo pa kampando kawo, chipewa chili pabondo. Nyimbo sanaimbe ndi imodzi yomwe, ndipo popemphera maso awo anali chitsegulire.