Nsungwi, Mlaza ndi Namasupuni

Ana inu, madengu, malichero ndi mitanga zimene muziona m'nyumba za amanu zichokera kuthengo. Ine ndinaphunzira kuluka kwa agogo anga aamuna, ndipo chimene anayamba kundiphunzitsa ndicho kudula. Nsungwi tidula zokhwima zokhazokha; zanthete tizisiya, pakuti zifumbwa msanga, ndiponso ndizo zidzatipatsa madengu zaka zilinkudza. Mlaza nawonso, umene umera kunyanja ndi m'chigwa cha Shire, tithyolako masamba owerengeka pa tsinde limodzi, kuti tingauphe.

Koma chilipo chomera china chimene woluka sachichitira chifundo. Ndicho namasupuni, amene masamba ake akunga supuni. Kwawo ndi ku South America. Anthu anakopeka ndi maluwa ake okongola, namtenga kunka naye ku maiko ambiri, ndipo lero wafala mumtsinje wa Shire. Ayandama pamadzi, nachuluka kawiri m'masabata awiri okha nyengo ikamkomera. Atseka njira za mabwato, asodzi nalephera kuponya maukonde. Nsomba zisowa mpweya pansi pake. Ndipo pa Nkula atsekereza madzi oyendetsa makina a magetsi.

Anthu a ku Kisumu, m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Kenya, anapeza nzeru. Amvuula namasupuni, nachotsa mizu ndi masamba, nayanika mapesi ake padzuwa kufikira atauma gwa. Pamenepo awapota ngati chingwe, naluka nacho madengu, mphasa ndi mipando. Ine ndiyesa kuti dengu lotere silingalowe m'malo mwa lichero, popeza liri lofewa, ndipo likanyowa lichita nkhungu. Koma posungira thonje, mazira kapena zovala, ndilo labwino ndithu, lopepuka kunyamula. Ndipo nsungwi za m'phiri zipumulako.

Tsono amene mukhala pafupi ndi Shire, mukafuna kuyesa ntchitoyi mupite ndi akulu, chifukwa ng'ona zibisala pansi pa masamba. Musamtenge wamoyo kunka naye kudambo la kwanu, ngakhale maluwa ake akondweretse maso. Kamphukira kamodzi kangadzaze dziwe lonse, ndipo mbewu zake zikhala ndi moyo m'matope zaka zambiri. Yanikani mapesi pamtunda, kutali ndi madzi, ndipo mizu ndi maluwa zikauma muzitenthe pomwepo.