Dzina pa Mwala

Agogo anga aamuna anagona ku Machinga, kumanda a Asilamu. Pamanda pawo palibe chiliza kapena dzina, koma mtumbira womwe mvula yakhala ikuusalaza. Agogo aakazi anali Mkatolika wa ku Utale, mishoni yomwe ansembe a Montfort anatsegula m'chaka cha 1908, ndipo anagona kwawo ku Balaka. Chiliza chawo ndicho chinatikanganitsa.

Patatha chaka chimwalirire, amalume anatiitanitsa. Iwo ankafuna mwala wosema wonyezimira. Amayi ankati simenti ndi njerwa nzokwanira, poti mlongo wanga anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

"Mphwanga, iwe unawerenga mabuku," anatero amalume. "Anzathu amawasunga bwanji akufa awo?"

Ndinawafotokozera za matchalitchi akale a ku Ulaya, komwe amisiri ankasema chifaniziro cha womwalirayo pamwala, ali chigonere, manja atawaphatikiza ngati akupemphera. Ndinatchulanso David Livingstone, yemwe anaikidwa mu Westminster Abbey ku London m'chaka cha 1874. Iye alibe chifaniziro chotere: pamanda pake pali mwala wakuda wafulati, wolembedwa mawu, woyalidwa pansi m'tchalitchimo. Amalume anangoti kukamwa yasa.

Titafika kwa mmisiri, anatifunsa chaka chomwe agogo anabadwa. Tonse tinayang'anana. Amayi ankangodziwa kuti pa njala ya 1949 agogo anali ndi mwana kumsana. Mmisiriyo anati tingopeka chaka, ambiri amatero. Amalume anakana, nati sangawanamizire mayi awo pamwala womwe zidzukulu zidzawerenge.

Tinagwirizana zomanga chiliza cha simenti, nkuikapo kamwala kakang'ono kosemedwa dzina lawo, mfunda wawo ndi chaka chomwe anatisiya. Ndalama zotsala zinabwezera mlongo wanga m'kalasi.

Tsiku lovundukula chiliza, maganizo anga anathawira ku Machinga. Amene akudziwa pomwe anagona agogo aamuna ndi amalume okha, ndipo nawonso maso ayamba kuchita chidima. Mwezi wotsatira tinakapempha chilolezo kwa amfumu, tinalowa kumandako. Amalume anaima patsinde pa mlambe, nayamba kuyenda akuwerenga mapazi mokweza, ine ndikulemba m'kope. Atafika pa khumi ndi anayi anaima.

"Ndi pano," anatero. "Usadzataye pepalalo, mphwanga."