Kompyuta ya ku Mulanje imayambira pa soketi

Ambiri amene amafika pa kashopu kanga pa Chitakale amabwera atasankha kale. "Achimwene, ndikufuna i7," amatero asanakhale n'komwe pansi. Achinyamata amawonjeza kuti bokosi lake likhale la galasi m'mbali, lowala mitundumitundu m'kati monga anaonera pa TikTok. Sindiwatsutsa msanga. Ndimangofunsa komwe kompyutayo ikakhale, ngati magetsi ake ndi a ESCOM, a sola kapena a jenereta, komanso ntchito imene izigwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ena amachita tsinya, kuyesa kuti ndikufuna kuwadyera. Komatu mayankho a mafunso amenewa ndi amene amasankha zipangizo. Ine ndimangolumikiza.

Ntchito za kompyuta kuno kwathu n'zodziwika. Alipo anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pa Limbuli, pa Nkando ndi pa Chisitu. Alipo a masitudiyo amene amajambula makwaya a m'mipingo pa FL Studio kapena Cubase. Ena amasindikiza makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi zithunzi za ziphaso, ndipo nsima yawo ili pa CorelDRAW ndi Photoshop. Kulinso sukulu za sekondale zophunzitsa Computer Studies, ndi alembi a magulu a alimi a tiyi omwe amangofuna kuti Excel isamachedwe kutsekuka. Wobena nyimbo amafuna malo ambiri osungira zinthu ndi mabowo a USB olimba, chifukwa tsiku la msika maflashi ndi mamemore khadi amangolowa ndi kutuluka. Wa situdiyo amafuna RAM yochuluka ndi makina opanda phokoso, pakuti fani ikamalira imamveka mu maikolofoni. Mlembi uja i7 alibe nayo ntchito, ngakhale ataikonda bwanji.

Koma kwa onsewa, ndalama yoyamba ndimaiika pa power supply, kabokosi kachitsulo kamene palibe amene amakajambula n'kuika pa Facebook. Ndi kameneka kamalandira magetsi a 230 volts kuchokera pa khoma n'kuwasandutsa 12, 5 ndi 3.3 volts amene zipangizo zina zonse zimadya. Magetsi athu amathima, ndipo pobwera samabwera mofatsa nthawi zonse. Tonse tikukumbukira zomwe zinachitika namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022. Dziko linataya pafupifupi 130 megawatts, ndipo kuthimathima kunatenga malo mpaka mu 2023, chaka chomwenso namondwe wa Freddy anagwetsa mapolo ndi milatho kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe. Nyengo imene ija tebulo langa linkadzaza ndi makina akufa, ndipo ndikatsekula, fungo la chopserera linkachokera malo amodzimodzi.

Power supply ndimayamba kuiyesa ndi dzanja. Yabwino imalemera, chifukwa m'kati mwake muli waya wa kopa wokwanira ndi zitsulo zoziziritsira zazikulu. Ina imalembedwa kuti 650 watts ndi zilembo zikuluzikulu, koma ukainyamula umangomva lata lokhalokha. Yotereyi ikamafa siifa yokha, imatenga motherboard ndi hard disk n'kupita nazo limodzi. Ndimayang'ananso chizindikiro cha 80 Plus, ngakhale masiku ano zomata zachinyengo ziliponso, ndiye chomaliza ndi mita yoyezera magetsi. Pa pulagi yaikulu ya mabowo 24 ndimalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pogwiritsa ntchito kawaya kopinda, fani n'kuyamba kuzungulira. Kenako ndimakhudzitsa mita pa waya wachikasu. Ukuyenera kuonetsa pakati pa 11.4 ndi 12.6 volts. Wofiira ukhale pafupi ndi 5. Manambala akamadumphadumpha popanda n'chomwe chikudya magetsiwo, ndimaibweza komwe yachokera.

Pambuyo pa power supply pamabwera UPS, ndipo apa m'pamene timakangana kwambiri ndi makasitomala. Bambo wina wosindikiza makhadi anandiuza kuti, "Iwe mwana wanga, ndalama imeneyo bwanji osangowonjezera RAM?" Ndinawayankha kuti, "Madala, RAM ilibe ntchito pa makina othima." UPS ya 650 VA singayendetse shopu tsiku lonse ayi. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa zoti musunge zomwe mumachita ndi kuthimitsa bwinobwino, ndipo zambiri zimathandizanso kuwongola magetsi akatsika kapena kukwera pang'ono. Batire lake limatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, muzilisintha. Osalumikizako makina osindikizira a laser, chifukwa akamatenthetsa amakoka magetsi ambiri kuposa omwe kaUPS kangapirire.

Amene ali kutali ndi mawaya a ESCOM nkhani yawo ndi ina. Kwa Bondo kuli magetsi a MEGA ochokera mu mtsinje wa Lichenya, ndipo m'midzi yambiri anthu amadalira sola ndi inveta. Kwa oterewa ndimawerengera watt iliyonse. Khadi lalikulu la zithunzi ndimalichotseratu pa mndandanda, processor ndimasankha ya 65 watts kapena kucheperapo, ndipo ndimafunsa ngati invetayo ndi ya pure sine wave, popeza ma power supply ena amakono sagwirizana ndi mainveta otchipa aja. Nthawi zina ndimamuuza munthu mosabisa kuti agule laputopu basi, ngakhale ndikudziwa kuti ndadzimana ntchito ndekha.

Tsopano i7 ija. Dzina limeneli lapusitsa anthu ambiri kuposa wakuba aliyense wa mu Limbe. Intel yakhala ikutulutsa ma i7 kuyambira 2008, choncho kunena kuti i7 kokha sikunena kanthu. Yang'anani manambala otsatira. Core i7-2600 ndi ya m'badwo wachiwiri, ya 2011. Core i3-12100 ndi ya m'badwo wa 12, ya 2022, ndipo ngakhale imatchedwa i3, imaisiya kutali i7 yakale ija pa liwiro, ikudya magetsi ochepa. Wogulitsa akamatsindika "i7" koma manambala enawo akuwameza, dziwani kuti pali chomwe akubisa. Palinso nkhani ya Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo pamodzi ndi TPM 2.0. Njira zozembera zilipo, anyamata amazidziwa, koma ine munthu amene akuyamba bizinesi sindimumangira makina ozembera. Kwa wa ndalama zochepa ndimakonda i5-8500, ya ma core 6. Wokhala ndi kangachepe ndimamulozera kwa AMD Ryzen 5 5600G, imene ili ndi mphamvu ya zithunzi yokwanira m'kati mwake momwemo moti wa Photoshop safunanso khadi lapadera.

Processor siyenda yokha, iyenera kukhala pa motherboard ya soketi yake. Intel ya m'badwo wachinayi imakhala pa LGA1150, ya 12 mpaka 14 pa LGA1700, Ryzen ndatchula ija pa AM4. Pali msampha umodzi umene ngakhale amisiri anzanga amagwamo: m'badwo wa 6 ndi 7 komanso wa 8 ndi 9 yonse imalembedwa LGA1151, imalowa bwinobwino m'bowo, koma ya 8 siyaka pa bolodi la 6. RAM nayo ili ndi mibadwo yake. DDR3, DDR4 ndi DDR5 zili ndi kamng'alu pa malo osiyana, ndipo yosayenera siilowa. Ndalandirapo mabolodi othyoka mano chifukwa mwini wake anaganiza kuti pangofunika mphamvu. Pa kuchuluka, 8 GB ndi poyambira, 16 GB ndi ya situdiyo ndi ojambula. Ndimakonda kuika timitengo tiwiri ta 8 GB m'malo mwa kamodzi ka 16, chifukwa tiwiri timayenda limodzi mwachangu, makamaka pa makina opanda khadi la zithunzi.

Za posungira zinthu ndilibe zambiri. Windows ndi mapulogalamu zikhale pa SSD, ngakhale ya 256 GB. Hard disk yakale ili ndi mbale yozungulira ka 7,200 pa mphindi ndi kasingano koyandama pamwamba pake, ndipo kuthima kwa mwadzidzidzi kumaifupikitsa moyo. Ikhale yachiwiri, yosungira mafilimu ndi nyimbo. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, ndimaitsekula pa CrystalDiskInfo pamaso pa wogulitsa kuti tione maola amene yayenda ndiponso ngati ikuonetsa chenjezo lachikasu.

Chimene amisiri a ku Lilongwe sachidziwa bwino ndi chinyontho chathu. Chiperoni chikatsika m'phiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, nkhungu imalowa mpaka m'nyumba, zovala osauma masiku angapo. Kompyuta imene yakhala sabata osayatsidwa m'nyumba yopanda siling'i imadzuka ikulira "pii, pii, pii" osaonetsa kanthu. Mwini wake amabwera atanyamula bokosi pa kabaza, nkhope ili gwa, akuganiza kuti zonse zalowa m'madzi. Kawirikawiri ndimangozula RAM, n'kuona kuti mano ake agolide aja achita bii. Ndimawapukuta ndi labala ya pensulo ya ana a sukulu, pang'onopang'ono kulowera mbali imodzi, mpaka awale, kenako n'kuchotsa tinyenyeswa ndi kabulashi kouma. Ndikabwezera n'kumva kuti "tha" mbali zonse ziwiri, makina amayaka. Chifukwa cha chinyonthochi, bokosi ndimasankha lokhala ndi sefa ya fumbi ndi mafani awiri, ina yolowetsa mpweya kutsogolo, ina yotulutsa kumbuyo, ndipo ndimaletsa kuliika pa simenti. Likhale pa tebulo, kutali ndi zenera. M'katimo mumafunda, ndiye mphemvu, nyerere ndi abuluzi amasamukiramo. Buluzi mmodzi akagona pa malo olakwika mu power supply, mumamva kuphulika kamodzi kokha. Ikafika Okutobala mdani amasintha n'kukhala kutentha ndi fumbi, ndiye nthawi yochotsa fani, kupukuta phala louma la pa processor ndi kuika latsopano, kadontho kamodzi kukula ngati njere ya nandolo. Ambiri amapaka ngati akumata khoma, osadziwa kuti lochuluka limangotayikira m'mbali.

Sindinganame kuti aliyense ndimamumangira kuchokera pa zipangizo zatsopano. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zochokera ku Johannesburg, Dubai ndi China inakwera moti wogulitsa wa mu Blantyre amakuuza mtengo wa lero lokha, wa mawa ayi. N'chifukwa chake ntchito yanga yambiri ndi kutenga makina amene anatuluka m'maofesi a kunja, a Dell OptiPlex kapena HP ProDesk, n'kuwawonjezera RAM, SSD ndi kabatire katsopano ka CR2032. Ndi makina olimba, sindiwanyoza. Kungoti ambiri ali ndi power supply ya mapulagi akeake, yosiyana ndi ya mabowo 24 ija, choncho ikapsa simuipeza pa shelefu iliyonse. Aang'ono aja, opyapyala, salola khadi lalitali la zithunzi. Amene akufuna kudula makanema a maukwati pa Premiere Pro ndimamufunira bokosi lalikulu ndi khadi ngati GTX 1650, lomwe mitundu yake yambiri imakhutira ndi ma watt 75 a pa bolodi popanda waya wina wapadera. Makhadi a zithunzi ndi amenenso amachulukira achinyengo, akale ovekedwa dzina latsopano, ndiye ndisanapereke ndalama ndimatsekula GPU-Z.

Ndikapita kukagula ku Limbe kudzera msewu wa Midima, ndimanyamula flashi ya mapulogalamu oyesera, mita ndi sikuludiraiva. Wogulitsa wokana kuti ndiyesere pompo ndimamutsanzika mwaulemu. Lisiti ndi masiku a galanti zilembedwe pa pepala, osati "tidziwana, bwana". Pobwerera, hard disk ndi motherboard zimakhala pa miyendo panga mu minibasi, sizipita kumbuyo komwe kuli matumba a chimanga. Ndikamaliza kulumikiza, makina amagona pa shopu usiku umodzi akuyesedwa RAM ndi MemTest86 asanapite kwa mwini wake, ngakhale mwiniyo atandiimbira foni kangati.

Mvula yoyamba ya Novembala kuno imabwera ndi ziphaliwali, ndipo palibe power supply, UPS kapena adaputa yoteteza imene ingaimitse mphenzi yogwera pa mawaya a pafupi. Kuthimitsa pa swichi sikokwanira. Mukangomva kugunda kuchokera ku phiri, sungani ntchito yanu, thimitsani kompyuta, zulani pulagi pa khoma, muzulenso waya wa intaneti ngati ulipo. Kasitomala amene akudikira nyimbo zake adikire mpaka mvula itakata.