Mtengo wa komiki ku Salisbury Lines

Aliyense amene anakhalako ku Salisbury Lines akudziwa kuti pepala silikalamba kumeneko. Dera limeneli la mzinda wa Mzuzu lili pa dambo, moti ukamakumba dzenje sufika patali madzi asanayambe kutuluka. Mvula ya ku Mzuzu imachedwanso kuleka, imatha kugwa mpaka mu Epulo ndi Meyi, ndipo ikangoleka pamabwera chifunga ndi chisanu cha mu Juni. Chinyontho chimakwera m'makoma, n'kulowa m'masutikesi ndi m'makatoni a pansi pa bedi. Zimene chasiya chinyontho, chiswe ndi mphemvu zimamaliza. M'nyumba zoterezi ndi m'mene ife ana a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 tinkasungiramo chuma chathu, makomiki.

Ogulidwa atsopano m'sitolo ya mabuku m'tauni anali ochepa kwambiri, chifukwa tambala ya kholo la ku Salisbury Lines inkapita ku ufa, parafini ndi fizi. Ambiri ankafika ndi abambo ogwira ntchito yophika kapena ya m'munda m'nyumba za azungu. Ana a bwana akamaliza kuwerenga The Beano kapena The Dandy, mulu wonse unkaperekedwa kuti ukayatsire moto, koma m'malo mwake unkatsikira kwathu. Onse awiriwa ankasindikizidwa ndi kampani ya DC Thomson ku Dundee, m'dziko la Scotland, The Dandy kuyambira 1937 ndipo The Beano kuyambira 1938. Kampani yomweyo inkatulutsanso Commando kuchokera mu 1961, timabuku tating'ono tokwana m'thumba la kabudula wa yunifolomu, tosimba za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tinkatikonda kwambiri, komabe panali chinthu chimene chinkandidabwitsa. M'dera mwathu munali agogo ena amene anamenya nawo nkhondo imeneyo ku Burma m'gulu la King's African Rifles, ndipo ankatha kutiuza za nkhalango ndi mvula ya kumeneko. M'timabuku tonse timene tinadutsa m'manja mwanga sindinaonemo msilikali wofanana ndi iwo.

Mwina n'chifukwa chake sutikesi ya asibweni inali chinthu chachikulu chotere. Iwo anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela, ndipo anabwerera boma litaletsa anthu kupitako pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu Epulo 1974, imene inapha Amalawi ambiri obwerera kwawo. Pamodzi ndi bulangete ndi wailesi, anabwera ndi mulu wa magazini a zithunzi zojambula ndi kamera, mawu a anthu atalembedwa m'timabaluni monga mwa komiki. Wotchuka anali Lance Spearman, amene tonse tinkangomuti Spear. Ankatulutsidwa ndi a Drum Publications kuyambira mu 1968 mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kum'mawa ndi kumadzulo kwa Africa magaziniyi inkadziwika ndi dzina loti African Film. Spear anali munthu wakuda wovala suti ndi chipewa, wofufuza zigawenga, wodziwa nkhonya ndi mfuti, ndipo mdani wake wamkulu anali Rabon Zollo. Pamene ife tinkamuwerenga n'kuti atasiya kale kusindikizidwa, koma sitinkadziwa ndiponso sizikanatikhudza. Tinkaona munthu wa khungu lathu akulamula nkhani yonse kuchokera tsamba loyamba mpaka lomaliza, popanda bwana womutuma.

Asibweni sankabwereketsa chisawawa. "Mphwanga, usambe m'manja kaye," ankatero, "ndipo ibwere dzuwa lisanalowe." Ndinkati, "Chabwino asibweni," n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kumene anzanga ankadikira. Kumeneko mmodzi wa Sitandade 7 kapena 8 ankawerenga Chingelezi mokweza n'kumamasulira m'Chitumbuka, ena tonse titaunjikana pamapewa ake. Kusukulu tinkaphunzira Chichewa, pakuti kuyambira 1968 Chitumbuka chinachotsedwa m'kalasi ndi pa wailesi, motero nkhani imodzi inkadutsa m'zinenero zitatu isanakhazikike m'mitu mwathu. Ambiri a ife Chingelezi chathu choyamba chenicheni tinachitola m'timabaluni timeneti, chifukwa chithunzi chinkakuuza tanthauzo la mawu amene sunawamvepo.

Tinali ndi njira yathu yoyezera mtengo wa komiki, ndipo inali yokhwima ndithu. Posinthana ndi anyamata a ku Katawa kapena ku Chiputula, chinthu choyamba kuyang'ana chinali tsamba lomaliza. Komiki yokhala ndi chikuto ndi masamba onse tinkaiti yathunthu. Yopanda chikuto koma nkhani ili yonse tinkaiti yovula, ndipo inkatsika mtengo pang'ono chabe. Yoipitsitsa inali yoduka mchira, yopanda mapeto, ndipo munthu wobisa zimenezi posinthana ankatha kumenyedwa kapena kusalidwa mwezi wathunthu. Commando imodzi yathunthu inkagula ma Beano awiri ovula. Spear sankasinthidwa ndi china chilichonse koma Spear mnzake. Zakuti masamba achita chikasu, kuti pakona papindika, kuti wina wadonthezapo mafuta a mandasi, palibe ankaziwerengera. Chinthu chimodzi chokha chinkaposa zonse: kodi nkhaniyi ndinaiwerengapo kale kapena ayi? Komiki yonyezimira imene dera lonse linaiwerenga kale inali yopanda ntchito poiyerekeza ndi yong'ambikang'ambika yochokera ku Zolozolo imene palibe anaionapo.

Tinkaisamaliranso monga momwe tinkadziwira. Mawaya a pamsana akachita dzimbiri n'kudya pepala, tinkawachotsa n'kusoka ndi singano ndi ulusi wa amama. Pong'ambika tinkamata ndi phala la ufa wa chinangwa, kapena selotepi ikapezeka. Chikuto chatsopano tinkachidula ku pepala la thumba la simenti, ndipo mwini wake ankalemba dzina lake ndi bolopeni pamwamba, wotsatira n'kulifufuta n'kulemba lake. Komiki inkayenda nyumba ndi nyumba ngati mtondo wa pamudzi, ndipo mayina amenewo ankasonyeza kumene yadutsa.

Ndili wamkulu kale ndi pamene ndinamva kuti kumayiko a azungu kuyeza makomiki akale ndi ntchito ya makampani. Yodziwika kwambiri ndi CGC, imene inayamba mu 2000 ndipo ili ku Sarasota, m'chigawo cha Florida ku America. Munthu amatumiza komiki yake, akatswiri n'kuiunika msana, mawaya, makona, kuwala kwa chikuto ndi mtundu wa masamba, ngati akadali oyera kapena ayamba kufiira ndi kuuma. Kenako amaipatsa nambala kuyambira 0.5 mpaka 10, n'kuitsekera m'chikhokho cha pulasitiki cholimba chimene sichitsegulidwa popanda kuchiswa. Yosakhudzidwa imalandira chizindikiro cha buluu, pamene yomatidwa ndi guluu kapena yopakidwanso utoto imalandira chapepo, ndipo mtengo wake umagwa. Mu Epulo 2024, kope la Action Comics nambala 1, m'mene Superman anaonekera koyamba mu 1938 ndipo linkagulidwa masenti 10, linagulitsidwa madola 6 miliyoni ku Heritage Auctions, litapatsidwa 8.5.

Nditawerenga zimenezi ndinaona kuti chilichonse chimene ife tinkachita posonyeza chikondi pa komiki, kusoka, kumata, kulemba dzina, kubwereketsa, kumeneko ndi chilema. Komiki ya mtengo wapatali ndi imene inadutsa m'manja ochepa, makamaka imene palibe mwana anaiwerengapo. Zinandiwawa, ndipo mpaka pano sindivomereza kuti buku limene latsekeredwa kuti lisadzatsegulidwenso ndi limene lalemekezedwa koposa. Koma sindingawanyoze anthu amenewa, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene anatiposa. Makomiki awo alipo. Mwana wa ku Ohio akafuna kuona zimene agogo ake ankawerenga mu 1938 akhoza kuziona, zina zitasindikizidwanso kuchokera ku makope osungidwa bwinowo. Mwana wa ku Salisbury Lines akandifunsa za Spear, ndimangomufotokozera ndi pakamwa.

Makomiki athu sanathe tsiku limodzi. Pepala lake linali lofanana ndi la nyuzipepala, lopangidwa motchipa ndi asidi wambiri, lomwe limafiira ndi kuphwanyika lokha ngakhale m'nyumba youma. Kwathu linalinso ndi ntchito zina zoyembekezera: kukulungira usipa ndi mandasi, kupichirira fodya, kuyatsira mbaula, kupita nalo kuchimbudzi. Mwana akapita ku sekondale yogonera komweko, katoni yake sinkafika tchuthi chachiwiri. Kenako msewu umene makomiki ankadzera unatsekeka. Ulendo wa ku migodi, umene unayambiranso pambuyo pa chiletso chija, unatheratu mu 1988. Kwacha italoledwa kudziyendera yokha pamsika mu 1994, mabuku ochokera kunja anakwera mtengo kuposa kale, ndipo Malawi Book Service inatsekedwa m'zaka zomwezo. Nthawi imeneyo n'kuti timanyumba toonetsera vidiyo titadzaza m'madera, ndipo mwana wokhala ndi ndalama yachitsulo ankasankha kukaona nkhonya zoyenda kusiyana ndi zoima papepala. Television Malawi inayamba mu 1999, pambuyo pake panabwera ma DVD, lero ndi foni. Ana a m'ma 1990 anapezako timabuku ta Sara, mtsikana wokhala ndi nyani wake Zingo, timene UNICEF inkagawa m'sukulu, koma timeneti tinkabwera ndi phunziro lokonzeratu ndipo sindinaonepo ana akukanganirana posinthana.

Chimene chimandipweteka kwenikweni si Beano kapena Commando. Amenewo eni ake anawasunga, ndipo Commando ikusindikizidwabe mpaka lero. Chimandipweteka ndi zathu. Loweruka lililonse adada akabwera ndi Malawi News, tinkalimbirana tsamba la Pewani, munthu wojambulidwa ndi Brian Hara. Panalinso Joza wa Vic Kasinja. Anthu amenewa ankajambula pa nthawi imene Censorship Board, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, inkayang'ana chilichonse chosindikizidwa, nthawi imene magazini a kunja ankafika atadetsedwa ndi inki pamene panali chithunzi chosaloledwa. Kuseketsa anthu ndi moyo wa m'tauni, ngongole, mowa ndi mabanja, popanda kuponda pamene sipaloledwa, kunkafuna luso lalikulu. M'zithunzi zawo muli zovala zathu, mabasi athu, nyumba zathu ndi nkhope zathu za nthawi imeneyo. Ine ndi anzanga tinkadula Pewani n'kumamata m'makope akale, koma palibe mmodzi wa ife amene ali nalo kope lotero lero. La mnzanga wina, limene linapirira zaka zonsezi, linanyowa mpaka kusungunuka pa mvula yoopsa ya mu Epulo 2016 imene inagwetsa nyumba zambiri mu Mzuzu. Miyezi yochepa izi zisanachitike, mu Disembala 2015, laibulale ya Mzuzu University inali itapsa, zomwe zinationetsa kuti ngakhale nyumba ya mabuku yeniyeni ikhoza kutha usiku umodzi. Nyuzipepala zakale zikusungidwa ku National Archives ku Zomba, koma Zomba ndi kutali kwa mwana wa ku Mzuzu, ndipo sangapite kukafuna chinthu chimene sanamvepo kuti chilipo.

Choncho ndinayamba kutolera, mochedwa komanso pang'onopang'ono. Ndimasuzumira pa milu ya mabuku akale imene mavenda amayala pansi pafupi ndi msika waukulu, ndipo nthawi zina pakati pa mabuku a sukulu pamatuluka Commando kapena Archie wobwera m'mabelo. Kwa azungu aja ndinatengako zimene zili zothandiza: kuchotsa mawaya a dzimbiri asanadye pepala, kuleka selotepi chifukwa guluu wake amasiya banga losachoka, kuika iliyonse m'jumbo yakeyake yoyera, kuzisunga pamwamba pa shelefu kutali ndi khoma ndi dzuwa. Ndimazijambulanso ndi foni tsamba ndi tsamba. Koma poyeza ndimayezabe monga kale, kuyamba ndi tsamba lomaliza, ndipo dzina la mwana lolembedwa pachikuto ndimaliona ngati chowonjezera mtengo. Adzukulu anga ndi anzawo ndimawalola kuwerenga, bola akhale pakhonde ndipo asambe m'manja.

Kumene kwatsala chiyembekezo chopeza zakale zenizeni ndi m'masutikesi a madoda amene anapita ku Joni ndi ku Harare. Iwowa akutha, ndipo maliro akadutsa, abale pogawana katundu amasunga zikalata za malo ndi za penshoni, mapepala ena onse n'kuwaunjika panja kuti awotchedwe. Ndikamva kuti pakhomo pena pachitika zotere, ndimadikira masiku a chisoni adutse, kenako ndimapita kukapepesa n'kupempha akuluakulu a pabanjapo kuti asanayatse moto andilole kuona muluwo. Ambiri amadabwa koma sakana. Kawirikawiri mumakhala makalendala, malisiti ndi mabuku a nyimbo odyedwa ndi chiswe. Pakhomo lina ku Chibavi ndinapeza masamba apakati a Spear, opanda chikuto ndi mapeto omwe, ndipo ndikufunsabe kwa anthu a msinkhu wanga ngati alipo amene akukumbukira mmene nkhani imeneyo inathera.