Kalata ya ku Joni: Za Maloya ndi Fumbi la m'Migodi

Okondedwa Amalume,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa azakhali ndi kwa onse a pamudzi pathu ku Nselema, ndili ndi chikhulupiriro kuti Chauta akukusunganibe, ngakhale chifuwa chija, chimene ndinkachimva usiku ndili gone kuseri kwa chipupa, sichinakulekeni.

Munafunsa za ntchito yanga kuno ku Johannesburg. Ndine mesenjala pa ofesi ya maloya a milandu ya zamalonda, ndipo m'mawa ndimakoka chikwama cha matayala, chodzaza ndi mafayelo, kunka nacho ku khoti lalikulu la mumsewu wa Pritchard. Kale ndinkayesa kuti loya ndi munthu wa pakamwa, wonga nduna za pabwalo la amfumu. Koma mayi amene ndimawatumikira ndawaona ndi maso angawa atakhala kufikira pakati pa usiku, tiyi atazizira pambali, akusanthula mapangano a masamba mazanamazana kufunafuna tsiku limodzi lokha limene a mbali inayo analilemba mosemphana, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndi kwa mayiwa kumene ndinamva za mlandu umene wandilembetsa kalata ino. M'chaka cha 2006 loya wina, Richard Spoor, anaimira Thembekile Mankayi, amene mapapo ake anatha ndi fumbi la miyala, posumira kampani ya AngloGold Ashanti. Ndipo pamene khoti la zamalamulo oyendetsera dziko linagamula mu Malichi 2011 kuti wa mumgodi ali nawo ufulu wosumira womulemba ntchito, mwini dandaulo anali atatsikira kale kuli chete masiku owerengeka m'mbuyomo. Komabe mlandu suola. Maloya anasonkhanitsa odwala zikwizikwi kukhala dandaulo limodzi, ndipo mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a golide anavomera kupereka marandi 5 biliyoni, pangano limene khoti lomwe ndimapitako lija linalitsimikiza mu 2019. Chipukuta misozicho chimaperekedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust kwa amene anadwala nthenda ya fumbi kapena chifuwa chachikulu atagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, ngakhale akhale a dziko lina, ndiponso kwa amasiye awo.

Sindikukulonjezani ndalama, Amalume, pakuti madokotala ayenera kuyamba akupimani; koma mtima wanga sungapume podziwa kuti inu amene munapita ku migodi ya kuno pa Theba, nimusiya mphamvu zanu pansi pa nthaka ya eni, simunamvepo zimenezi. Tsegulani sutikesi yachitsulo ija ya pansi pa bedi, mufunemo khadi lokhala ndi nambala yanu ya kumgodi ndi pepala lililonse la kuchipatala, ngakhale lodyedwa ndi chiswe, ndipo mdzukulu wanu akazijambule pa foni tsiku la msika anditumizire. Muwauzenso anzanu a Theba a ku Ntaja amene akali moyo.

Ine muphwa wanu,
ku Johannesburg.