Mayi wa pa mtsuko

Buku la Nicolas Grguric lija, The Mycenaeans, ndinaligula chifukwa cha zithunzi basi. Angus McBride ankajambula, abale. Asilikali akale a ku Greece akuchita ngati atuluka papepala: zipewa za mano a nguluwe, zishango zachikopa cha ng'ombe, ndi chovala chamkuwa chimene anafukula ku Dendra mu 1960, chophimba kuyambira m'khosi mpaka m'ntchafu.

Koma kukongolako n'kumene kukundikayikitsa. M'manda munatsala zida ndi mafupa. Nkhope, ndevu, ukali wa m'maso, zonsezo n'za wojambula, ndipo ukazipenyetsetsa umaiwala zoti n'zongoganizira.

Nditatseka bukulo ndinasaka pa foni chojambulidwa ndi eni ake: mtsuko wa vinyo wa ku Mycenae, wa zaka zoposa 3,000. Asilikali asanu ndi mmodzi andanda, timatumba tikulendewera pamikondo. Miyendo ngati timitengo, mphuno zosongoka, mpaka ndinaseka. Kenako ndinaona kumbuyo kwawo mayi atakweza dzanja. Akutsanzika kapena akulira?

Amayi anakweza dzanja chomwecho pa depoti, tsiku limene achimwene ankapita ku Joni. Basi itakhota, dzanjalo linali likadali m'mwamba.