Khunyu Yosagwetsa Munthu

Kuno kwathu ku Petauke, tikamva za khunyu timaganiza za munthu wogwa pansi, kuphupha na kutuluka thovu. Koma pali khunyu ina yacete. Munthu amangoti duu, maso tong'o, kutafuna m'kamwa mulibe kanthu, zala zikutolatola covala. Pakapita mphindi imodzi kapena ziwili amatsitsimuka osakumbuka ciliconse. Ena amayamba amva kafungo kacilendo, mantha, kapena cinthu cokwela kucoka m'mimba. Khunyu imeneyi imayambila m'cigawo ca ubongo ca kufupi na khutu, cimene madokotala amacha temporal lobe, kumene kuli nkhokwe ya cikumbumtima.

Mwana wa alongo anga ku Nyimba anakhala nayo zaka ziwili. Kusukulu anali kumuti ni wamwano, kunyumba agogo ake anati ni mizimu. Atamujambula m'mutu ku Lusaka, anapeza tumadontho touma twa njoka ya nkhumba.

Ambili timawadziwa masese a m'nyama ya nkhumba, ndipo ogula amayang'ana pansi pa lilime asanalipile. Mukadya masese osapsa, njoka imakula m'matumbo mwanu. Koma zopita ku ubongo zimadzela njila ina: mazila a njokayo amatuluka m'cimbudzi ca munthu, n'kulowa mkamwa kudzela m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo. N'cifukwa cake na wosadya nkhumba amadwala. Nkhumba yoyenda yokha ikadya zonyansa kuthengo, masese amayambanso.

Kacilomboka kakafela mu ubongo kamauma ngati kamwala. Madokotala a ku Brazil akhala akupeza tumiyala tumenetu pamodzi na cipsela pa hippocampus, kaciwalo ka mkati mwa temporal lobe, ndipo amaganiza kuti kutupa kobwelezabweleza ndiko kumasiya cipselaco. Bungwe la WHO limati kumadela kumene njokayi ni yofala, pafupifupi anthu 3 pa 10 alionse a khunyu anaitenga motele. Ku Katete, kafukufuku wa akatswili a ku UNZA na anzao, wofalitsidwa mu 2015, anapeza zizindikilo zake mwa oposa theka la odwala khunyu amene anapimidwa.

Cimene cimandiwawa n'cakuti timathawa wodwala, kumupatsa mbale yake, kuopa malovu ake, pomwe khunyu siyambukila. Coopsa ceniceni timacilekelela. Abambo ena amakana cimbudzi poopa kukumana na apongozi pakhomo, nathamangila kuthengo kumene nkhumba zikudikila. Ulemu ni wabwino, koma zimbudzi ziwili pakhomo zimasunga ulemu na ubongo wa ana womwe.

Mwana uja tsopano amamwa carbamazepine tsiku lililonse ndipo ali mu giledi 7. Ngati kwanu kuli mwana amene amangoti duu osayankha, musamukalipile. Lembani masiku amene zacitika na nthawi imene zatenga, mupite naye kucipatala, ndipo muwauze anamwino zonse monga mwaonela.